Kamu Mugule Pomaliza: Malangizo kwa Achinyamata Okonda Liwiro ku Ruwa

Mnyamata wa ku Ruwa akagwira timadola n'kugula kagalimoto kake koyamba, matenda ake amakhala amodzi: akufuna kazikoka. Sabata isanathe wadula ekizozi, mwezi usanathe waika malimu akuluakulu, kenako mnzake wina amunong'oneza kuti, "Iwe, ukangoika kamu ya 300, pa Mutare Road palibe angakugwire." Ine ndakalambira m'galaja, ndipo galimoto zambiri zimene zimabwera zikutsokomola sizikhala zitatopa ndi ukalamba ayi. Zimakhala zitaikidwa zitsulo zabwino, zodula, koma zosamvana. Choncho ana anga, musanatumize ndalama ku Johannesburg kapena kuthamangira kwa ogulitsa masipeya ku Kaguvi Street, khalani pansi mumve izi.

Kukula kwa injini, kamu (camshaft) ndi magiya zimakumana pa chinthu chimodzi, marevu. Injini iliyonse ili ndi chigawo cha marevu pamene imapuma bwino ndi kukoka mwamphamvu. Kamu ndiyo imasankha pamene chigawocho chikhale, kukula kwa injini kumasankha kuti kunja kwa chigawocho mutsala ndi mphamvu yochuluka bwanji, ndipo magiya ndi difu ntchito yawo n'kusunga injini m'chigawo chimenecho pa liwiro limene inu mumayendadi. Chimodzi chikapita kwake, ziwiri zinazo zimangodya petulo.

Yambani ndi msewu wanu

Funso loyamba lisakhale lakuti mugule chiyani. Likhale lakuti galimotoyi imakhala kuti tsiku lonse. Mukadzuka ku Damofalls kapena ku Zimre Park, mumayamba ndi mahampu ndi zigwembe za m'makomboni. Mukalowa mu msewu waukulu, makilomita opitirira 20 opita ku Harare mumawayenda pakati pa makombi ndi malole, ndipo m'mawa pa mphambano ya ku Mabvuku mpaka ku Msasa phazi silichoka pa kilachi. Loweruka mwina mumatembenukira kum'mawa, kudutsa Melfort ndi Bromley kupita ku Marondera, kapena mpaka ku Mutare komwe. Lamulo m'tauni ndi makilomita 60 pa ola, kunja 120.

Yang'anani singano ya marevu kwa sabata imodzi. Mupeza kuti moyo wa injini yanu uli pakati pa 1,500 ndi 4,000. Kupitirira apo mumangopitako masekondi ochepa podutsa lole. Ndiye mukagula kamu imene imadzuka pa 4,500, mwagula mphamvu imene mudzaigwiritse ntchito mphindi imodzi pa tsiku, ndipo mwagulitsa imene mumaifuna maola awiri tsiku lililonse.

Agogo athu amene anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland ndi bungwe la Mthandizi n'kukhazikika m'mafamu a fodya a ku Goromonzi ankaidziwa nkhani imeneyi popanda kuiwerenga m'buku. Amene anachita mwayi n'kukhala madalaivala ankayendetsa Massey Ferguson 135, thirakitala ya masilinda atatu, malita 2.5, mahatchi 45 okha basi. Kagalimoto kalikonse ka ku Japan lero kali ndi mahatchi oposa pamenepo. Koma thirakitala ija inkatulutsa ngolo yodzaza fodya wamuwisi m'matope a mwezi wa February, chifukwa injini yake inkakoka pa marevu otsika, ndipo magiya ake ankachulukitsa mphamvuyo kambirimbiri isanafike pa tayala. Chimene chimakukankhirani kumsana kwa mpando si nambala ya mahatchi yolembedwa pa kabuku, koma mphamvu yopotokola ya injini itachulukitsidwa ndi giya ndi difu, pa marevu amene mulipo nthawi imeneyo.

Kukula kwa injini ndi mpweya wa kuno

Injini ndi pampu ya mpweya. Ikazungulira kawiri imameza mpweya wofanana ndi kukula kwake. Ya malita 1.6 pa marevu 6,000 imameza pafupifupi malita 4,800 pa mphindi, pamene ya malita 2.0 imameza mpweya womwewo pa 4,800 basi. N'chifukwa chake injini yaikulu siifunika kukuwa kuti igwire ntchito, ndipo kamu yomweyo imene ili yolusa mu 1.4 imakhala yofatsa mu 2.0. Munthu akakuuzani kuti kamu yakutiyakuti ndi yabwino, mufunseni kuti mu injini yanji. Imene ikuyenda bwino mu Cortina ya V6 ya malita atatu ikhoza kusandutsa Nissan 1400 yanu kukhala galimoto yozima pa roboti iliyonse.

Pali chinanso chimene otsatsa malonda a ku Japan ndi ku England sakuuzani. Ruwa ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mukamapita ku Marondera mumakwerabe. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, kotero injini yopanda turbo imataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu yake. Galimoto imene inatsika m'sitima ku Durban ndi mahatchi 100, pofika pa Ruwa yatsala ndi 85, palibe chawonongeka. Mphamvu ya pa marevu otsika nayo imatsika chimodzimodzi, ndipo ndi yomweyo imene kamu yaikulu imakulandani. Kamu imene mnzanu wa ku Durban akuti ndi yoyendera m'tauni, kuno imakhala yakwera kale sitepe imodzi.

Onani zimene anachita a BMW ku South Africa, amene fakitale yawo ku Rosslyn ilinso pamtunda ngati kuno. Atafuna E30 yothamanga, mu 1985 anaika injini ya malita 3.2 m'kagalimoto kaja n'kukatcha 333i. Mu 1990 anatulutsa 325iS, gusheshe imene mumaisirira ija, atakuza injini kuchoka pa malita 2.5 kufika pa 2.7. Anthu okhala ndi mainjiniya ndi ndalama anayamba ndi kukula kwa injini. Inunso ngati thumba likulola, injini yokulirapo yochokera m'banja lomwelo la galimoto yanu imakupatsani zambiri pa dola iliyonse kuposa kamu. Koma musaiwale kuti nambala ya injini inalembedwa m'buku la galimoto. Sungani lisiti, konzani mapepala ku ofesi ya CVR, kuti musadzavutike pa rodibuloko kapena pogulitsa.

Kamu imapereka ndi dzanja limodzi, imalanda ndi linalo

Ntchito ya kamu n'kutsegula mavalavu: nthawi yanji, motalika bwanji, ndi mwakuya bwanji. Manambala amene mumamva aja, 260, 272, 288, 300, ndi madigiri a kuzungulira kwa crankshaft amene valavu imakhala yotsegula. Nambala ikakula, valavu yolowetsa mpweya imachedwa kutseka, imatseka pisitoni itayamba kale kukwera. Pa marevu okwera zimenezi n'zabwino, chifukwa mpweya umabwera ndi liwiro ndipo umapitirizabe kudzaza silinda ngakhale pisitoni yatembenuka. Pa marevu otsika mpweya ulibe liwiro limenelo, ndiye pisitoni imaubweza kunja kudzera pa valavu yomweyo. Silinda imatsala yosakhuta.

Palinso kanthawi kamene valavu yolowetsa ndi yotulutsa zimakhala zotsegula pamodzi. Kamu yaikulu imatalikitsa kanthawi kameneka. Kugunda kwa "bvu-bvu, bvu-bvu" kumene anyamata amaimirira kumvetsera pamashopu kumachokera pamenepa: utsi ukubwerera m'silinda, injini ikulephera kupsa mofanana. Kumakoma m'khutu, koma ndi kulira kwa injini imene ikuvutika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukaime m'mbali mwa msewu m'mawa pamene galimoto zathithikana, muione galimoto yotereyi. Dalaivala akuponda mafuta pang'onopang'ono kuti isazime. Mzere ukasuntha mamita asanu, akweza marevu kufika 3,000, atulutsa kilachi theka, galimoto inyamuka modumpha, ndipo fungo la kilachi yopsa lifika mpaka kwa amayi ogulitsa tomato. Singano ya kutentha ikukwera. Akaponda buleki kawiri motsatizana, pedulo ikulimba ngati mwala, chifukwa booster ya mabuleki imadalira kukoka kwa mpweya mu manifold, ndipo kamu yaikulu yakuchepetsa. Honda Fit yosakhudzidwa chilichonse ikumudutsa, iye akadali kukangana ndi giya yoyamba.

Pa injini zakale za mavalavu awiri pa silinda, kamu ya kufakitale kawirikawiri imakhala pakati pa 240 ndi 260. Kufika cha pa 270 galimoto imakhalabe ya pamsewu. Kuyambira 285 mwayamba kulipira ndi mphamvu ya m'munsi, ndipo 300 ndi ya pabwalo la mpikisano. Injini ya mavalavu 16 imapuma bwino kale, kotero siifuna nambala yaikulu chotero. Dziwaninso kuti opanga makamu sayeza mofanana: ena amawerenga valavu ikangoyamba kusuntha, ena ikatseguka milimita imodzi, ena mainchi 0.050. Makamu awiri olembedwa 272 akhoza kukhala osiyana kwambiri. Wogulitsa akupatseni pepala losonyeza kuti kamuyo imagwira kuyambira marevu angati mpaka angati, ndi mu injini yaikulu bwanji. Ngati alibe pepala, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Ndipo mukakayika pakati pa ziwiri, tengani yaing'onoyo.

Vuto limeneli ndi lenileni moti makampani akuluakulu anawonongerapo chuma. Mu 1989 Honda inatulutsa injini ya B16A, malita 1.6, mahatchi 160, yokhala ndi VTEC. Chinsinsi chake n'chakuti pa shafuti imodzi pali makamu a mitundu iwiri, yofatsa ya m'munsi ndi yolusa imene imalowa marevu akakwera. Akanatha kupeza kamu imodzi yochita zonse, sakanadzivutitsa chotero.

Kamu siyenda yokha

Popeza valavu ikutseka mochedwa, pisitoni imayamba kupanikiza mpweya mochedwanso. Kuti mubweze zimene zatayika, kamu yaikulu imafuna kompuresheni yokwera. Injini imene inali pa 9:1 ingafune 10:1 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo mpweya wopepuka wa kuno umakulolani kukwera kuposa munthu wa kunyanja. Izi zimachitika posema hedi kapena kusintha mapisitoni. Koma hedi ikasemedwa, valavu ndi pisitoni zayandikana, pamene kamu yatsopano ikukankhiranso valavu pansi kwambiri.

Apa musaganizire, yezani. Tengani dongo loseweretsa ana lija, mumate pamwamba pa pisitoni, mupake oyilo pang'ono kuti lisakakamire ku valavu. Mangani hedi ndi gasiketi, muike tcheni kapena lamba pa zizindikiro zake, ndipo muzungulitse injini ndi sipanala kawiri, mofatsa, dzanja likumvetsera. Masulani, mudule dongolo ndi lezala pamene valavu yadinda, muyeze kukhuthala kwake. Likachepera mamilimita awiri, musalize injini imeneyo. Ntchito ya masana amodzi imeneyi ndi imene imasiyanitsa injini yokhalitsa ndi injini yopinda mavalavu tsiku loyamba.

Masipuling'i a mavalavu nawo ayenera kugwirizana ndi kamu, apo ayi pa marevu okwera valavu imalephera kubwerera m'nthawi yake. Zitsulo zimene zimakhuzana ndi kamu muike zatsopano. Pa makamu opanda marola, poliza koyamba musaisiye injini ikungogunda pansi. Igwireni pakati pa 2,000 ndi 2,500 kwa mphindi 20 kuti oyilo afike bwino ndipo zitsulo zizolowerane.

Kenako mafuta. Kuyambira mu 2013 petulo wa m'Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, nthawi zina mpaka 20 peresenti. Ethanol amathandiza injini ya kompuresheni yokwera kuti isagogode, koma ali ndi mphamvu yochepa pa lita, kotero injini imafuna mafuta ochulukirapo. Mbali inayi, mpweya wopepuka umafuna mafuta ochepa. Ziwirizi zikukokerana, ndiye majeti a kabuleta amene mnzanu wawerenga pa intaneti sangakhale anu. Galimoto ipite pa dyno, kapena kwa munthu amene ali ndi chida choyezera utsi. Ngati mtima wanu uli pa turbo, iwalani za kamu yaikulu: turbo imabweza mpweya umene mtunda wakulandani, ndipo pamsewu imamvana bwino ndi kamu yofatsa.

Magiya, difu ndi matayala

Apa ndi pamene achinyamata ambiri safika, chifukwa difu siioneka ndipo siimveka. Komatu ndi pamene pali phindu lotsika mtengo. Mukachotsa difu ya 3.9 n'kuika ya 4.3, mphamvu ya pa tayala yakwera ndi 10 peresenti m'giya iliyonse, pa marevu alionse, injini musanaikhudze n'komwe.

Yambani mwadziwa imene muli nayo. Pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, ikani miyala kutsogolo, giya pa fili, mukweze tayala limodzi lakumbuyo pa jeke. Lembani choko pa tayala ndi pa propshaft. Zungulitsani tayala kawiri ndendende, mnzanu akuwerenga kuzungulira kwa propshaft. Ikazungulira kanayi ndi kachidutswa, muli ndi 4.1. Ngati difu ndi yokhoma ija ya LSD, kwezani matayala onse awiri muzungulitse kamodzi. Difu ikakhala yomasula, werengani mano: 41 pa giya yaikulu ndi 10 pa yaing'ono ndiye 4.1 yomweyo.

Tsopano masamu a sitandade 7. Tayala la 195/50 R15 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.81. Pa 120 mukuyenda mamita 2,000 pa mphindi, ndiye tayala likuzungulira pafupifupi ka 1,100. Chulukitsani ndi difu ndi giya imene mulimo. Giya yachinayi ya 1:1 ndi difu ya 3.9 zikupatsani marevu 4,300. Mukaika difu ya 4.6 kuti ikoke, pa 120 pomwepo injini ili pa 5,000 ndi kupitirira, ndipo ulendo wa ku Mutare mudzafika makutu akulira, thanki itauma gwa. Giyabokosi ya magiya asanu, yachisanu ili 0.8, imatsitsa marevu amenewo kufika cha pa 4,050. N'chifukwa chake difu yaifupi imafuna giya yachisanu, ndipo nthawi zambiri giyabokosi ndiyo yoyenera kugulidwa kamu isanabwere.

Werengeraninso pa 60. Ndi difu ya 3.9, m'giya yachinayi muli pa 2,150, m'yachitatu ya 1.4 muli pa 3,000. Ngati kamu yanu imadzuka pa 4,000, ndiye m'tauni monse simudzaimva pokhapokha mutatsikira m'giya yachiwiri n'kumakuwa ngati mwapenga.

Mipata ya pakati pa magiya nayo muione. Tinene kuti yoyamba ndi 3.6, yachiwiri 2.1. Mukasintha pa 6,000, singano imagwera pa 3,500. Ndi kamu yofatsa, mwagwera pabwino, galimoto ipitiriza kukoka. Ndi kamu yodzuka pa 4,000, mwagwera m'dzenje, ndipo kuti musagweremo muyenera kukoka yoyamba mpaka pafupifupi 6,900. Kodi mapisitoni ndi mabering'i a injini imene yayenda makilomita 200,000 adzapirira zimenezo kangati?

Toyota Altezza RS200, imene ambiri mwa inu mumailota, ikuphunzitseni. Inatuluka mu 1998 ndi injini ya 3S-GE ya malita awiri. Ya giya yamanja ili ndi mahatchi 210 pa marevu 7,600, mphamvu yokoka imafika pachimake pa 6,400, ndipo anaipatsa magiya 6 oyandikana kuti singano isagwe. Ya otomatiki, injini yomweyo, anaifatsitsa makamu: mahatchi 200, koma chimake cha kukoka chinatsikira pa 4,800. A Toyota analolera kutaya mahatchi 10 kuti injini imvane ndi giyabokosi yake. Ngati yanu ndi ya otomatiki, tsatirani nzeru yomweyo, ndipo ngati ndi ya CVT ngati Honda Fit, kamu musaiganize n'komwe.

Malimu akuluakulu aja nawo ndi giya. Mukachotsa 195/50 R15 n'kuika 215/45 R17, tayala lakula ndi 8 peresenti ndi kupitirira, ndipo difu yanu ya 4.1 yasanduka ngati 3.8. Mwaonjezanso kulemera pamene injini iyenera kuzungulitsa. Ambiri amene amadandaula kuti galimoto yafooka ataika kamu amakhala kuti mwezi womwewo anaikanso malimu, ndiye aimenya kawiri.

Ndalama iyende motere

Choyamba, injini imene muli nayoyo ikhale yathanzi. Yezani kompuresheni m'silinda iliyonse, konzani radiyeta, mapulagi ndi taiming'i. Chachiwiri, mabuleki, mashokabu ndi matayala abwino, chifukwa galimoto yothamanga imene siima ndi bokosi la maliro. Chachitatu, sankhani kukula kwa injini ndi kwa matayala, musadzasinthenso. Chachinayi, giyabokosi ndi difu, mutawerengera marevu a pa 60 ndi a pa 120. Chachisanu, ekizozi ya saizi yoyenera, osati chipaipi cha mpope, ndi hedi yokonzedwa bwino. Zonsezi zikatha, mudzakhala mukudziwa chigawo cha marevu chimene galimoto yanu imakhalamo, ndipo kamu idzangodzisankha yokha. Ena mukadzafika pamenepa mudzapeza kuti ya kufakitale ija ikukwanira.

Pomaliza, liwiro lili ndi kwawo. Inu a ku Ruwa muli ndi mwayi umene anzanu a ku Lilongwe ndi ku Chipata amangoumva: bwalo la Donnybrook lili pafupi, ku Arcturus Road. Kumeneko kuli wotchi yosanama, ndipo kulibe mwana wa sukulu wodumpha msewu. Pitani mukaonere kaye, mufunse eni galimoto zimene zikupambana kuti difu yawo ndi yanji ndipo matayala ndi aakulu bwanji, pakuti safunsa adadya phula. Mutare Road ndi ya makombi odzaza anthu, ya amayi ochokera ku Mbare ndi mitolo, ya abale anu omwe oyenda pansi usiku. Mangani galimoto imene imanyamuka pa roboti popanda kupsereza kilachi, imadutsa lole mosakayika ndipo imafika ku Mutare injini ili yozizira. Tengani choko, tepi ndi pepala muwerengere kaye, ana anga, ndipo kamu mugule pomaliza.